Dakota ya Abambo

Joni
14 Seputembala 2008

Okondedwa achemwali a Fainala,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu a Duncan ndi ana. Abambo akudzuka bwanji masiku ano? Mwendo uja ukuwalolabe kufika kutchalitchi? Kuno ndili bwino, kungoti kuzizira kwachedwa kutha chaka chino.

Ndapatsira dalaivala wa lole uja katoni ina. Akaisiya kusitolo ya a Tariq pa Chamama monga mwa nthawi zonse. Muli mabulangete awiri, shuga, mankhwala opaka a mwendo, ndi kabokosi kamene ndakakulunga ndi juzi. Kameneko chonde musakagwedeze panjinga. Ndi ndege yachinayi ya abambo, dzina lake Harikeni.

Mwina mumaganiza kuti ndimangogula zopangapanga. Ayi ndithu. M'sitolo momwe ndimagwira ntchito timagulitsa tizidutswa ta pulasitiki m'mabokosi, munthu n'kukalumikiza yekha ndi guluu, n'kupenta. Iyi yandidyera masabata asanu ndi limodzi, poti mpata ndimaupeza Lamulungu lokha. Mtundu wake ndatsata uja abambo ankatiuza tili ana, wa ndege zomwe ankaziona ali msilikali kunkhondo ya ku Bama: kumsana kobiriwira ndi kofiirira, kumimba kotuwa.

Mudzandiuze mmene nkhope yawo idzaonekere potsegula. Inu muli ndi mwayi, mumawaona tsiku ndi tsiku. Ine mapepala anga sali bwino, ndikangotuluka m'dziko muno sindidzalowanso, ndiye chomwe ndingawachitire n'chomwechi.

Nazale ya fodya yamera? Nanga mayina a makuponi a feteleza ayamba kulemba?

Ndine mlongo wanu,
Benjamin

Chamama
9 Okutobala 2008

Benjamin,

Moni wako tamva. Tonse tili bwino kupatula msana wangawu, umene palibe amaufunsa. Katundu wafika, zikomo chifukwa cha mabulangete.

Ukuti ndikuuze za nkhope yawo? Chabwino, tamvera. Bulangete sanaliyang'ane n'komwe. Mankhwala a mwendo anangoti, "Ika apo." Koma atangoona kajuzi kaja, ee! Munthu amene ndimachita kumudzutsa pamphasa ndi manja awiri anadzuka yekha. Ndegeyo anaifungatira ngati khanda, kenaka n'kuyamba kuiyendetsa m'mwamba akulira ngati injini mpaka malovu kuchucha. "Mwana wanga Benjamin! Mwana wanga amandidziwa!" Ine ndili chiimire pakhomo ndi beseni la zovala zawo zomwe anaonongera m'mawa womwewo.

Udziwe kuti kabati yagalasi ya malemu amayi tsopano ndi bwalo la ndege. Mbale zawo zamaluwa zija anandilamula kuti ndichotse, zili m'katoni kunsi kwa bedi. Pashelefu yapamwamba pali Sipitifaya ndi Harikeni yakoyi, pansi pake pali ija ya mainjini awiri, ndipo ya Ajapani anaiika payokha pakona itayang'ana kukhoma, akuti ndi mkaidi. M'mawa uliwonse asanamwe phala amazipukuta ndi nthenga ya nkhanga, imodziimodzi, akuzitchula mayina. Ine kuzikhudza ayi, akuti manja anga ndi a khasu. Manja a khasu omwewa ndi amene amawasambitsa, kuwameta, kuwawenga zikhadabo, koma kapulasitiki ayi, ndingathyole.

Lamulungu anthu akamachokera kutchalitchi amakhotera kuno kudzaona. Ndimaphika tiyi wa anthu khumi ndi shuga wako yemweyo, iwo ali pakati kufotokoza za ku Bama. Mayi wina anandinong'oneza kuti ndege zosunga m'nyumba n'zokayikitsa. Ndinamuyankha kuti zikanakhala zouluka bwenzi nditakwera kalekale ine n'kuthawa. Potsanzika aliyense amati, "A Kalekeni, munabala mwana." Mwana mmodzi, wamva? Ine kaya anachita kunditola pamsewu wa ku Mtunthama.

Ndikuuze poyera, Benja, zimandiwawa. Zaka zisanu ndi zinayi chimwalirire amayi, sindinagonepo kunja kwa mudzi uno. Ngakhale ku ukwati wa mwana wa alamu anga ku Njombwa ndinapita m'mawa n'kubwerako madzulo, kuopa kuti agona ndi njala. Koma sindinamvepo akuti mwana wanga Fainala amandidziwa. Dzina langa limatchulidwa pakafunika madzi osamba.

Mwayi ukunenawo, bwera udzautengeko sabata imodzi yokha.

Nazale yamera bwino. Mayina alemba, koma feteleza wa kuponi sangakwane chimanga ndi fodya yemwe. Ngati uli ndi kangachepe tumiza tionjezere. Ndege sitithira m'munda.

Fainala

Chamama
2 Novembala 2008

Kwa mwana wanga Benjamin,

Ndine bambo ako, Kalekeni Mwale. Ndikulemba ndekha ndi pensulo, uwerenge mofatsa. Ndili moyo. Ndege zinayi zili bwino, ndimaziyendera m'mawa uliwonse ngati pa perete.

Koma yatsala imodzi, ndiyo yaikulu pa zonse. Dzina lake Dakota. Ilibe mfuti, sithamanga, ndi yonenepa ngati ng'ombe ya bere. Anyamata sankaitama. Koma tamvera. Chaka cha 1944 tinali m'chigwa china ku Bama, mvula yosakata, matope ofika m'mawondo, galimoto zosatha kutipeza. Tinakhala masiku anayi tikutafuna masamba. Mnzanga wa ku Dowa anamwalira atatsamira phewa langa. Tsiku lachisanu tinamva kulira kuseri kwa mitambo, kenaka matumba a mpunga akutsika ndi maambulera.

Sipitifaya inkabwera mwa apo ndi apo, ife n'kuiombera m'manja. Dakota inkabwera tsiku lililonse, mpaka tinasiya kuyang'ana kumwamba, tinkangotola matumba. Popanda iyo iwe ukanabadwa kwa yani?

Undipangire imeneyo. Oyendetsa ake ankakonda kulemba dzina la munthu wamkazi pamphuno pa ndege. Nawenso ulembe, ndi penti yoyera, dzina limene ndalemba kuseri kwa pepala lino. Mlongo wako usamuuze kanthu, ndikufuna ndidzayankhule ndekha ikafika. Pakamwa panga ndi polemera pa nkhani zotere, ngakhale kwa mayi ako ndinkalephera. Ndikakhala ndi chogwira m'manja mwina ndidzatha.

Ufulumire. Zaka makumi asanu ndi atatu kudza zisanu si masewera.

Bambo ako,
K. Mwale

Chamama
4 Novembala 2008

Benjamin,

Moni. Tili bwino, mvula yoyamba yagwa dzana.

M'envulopu muno upeza ina yaing'ono ya abambo. Anaimata okha n'kundiuza kuti ndisatsegule. Sindinatsegule, sindine wakuba. Koma masiku atatu akhala akulemba, ine ndikangolowa amabisa pepala kunsi kwa ntchafu ngati mwana wasukulu.

Ngati ndi za munda wa kudambo ungonena. Ndaulima ine ndi a Duncan zaka zonsezi, koma ndikudziwa kuti tindege tinayi timalemera kuposa makasu awiri. Dzulo ndinawafunsa, "Abambo, mukubisa chiyani?" Akuti, "Ndi nkhani ya ine ndi mwana wanga." Ndinatuluka n'kukalirira kuseri kwa balani ya fodya ngati chitsiru, mayi wamkulu wa ana anayi ine.

Sitampa ndagula ndine, ndipo ndine ndikukaponya. Ngakhale chinsinsi chanu chimayenda ndi miyendo yanga.

Fainala

Joni
7 Disembala 2008

Okondedwa achemwali,

Moni kwa inu, alamu ndi ana. Abambo muwauze kuti ndamva, ndipo ndachita monga ananenera.

Za munda chotsani mumtima, ine khasu ndinaliiwala kale. Zomwe alemba sindinganene poti andiletsa, koma si zoipa, ndikhulupirireni. Mawu anu aja andilasa. Inu mukuona ngati ndikuwagula abambo ndi pulasitiki. Koma ine ndikakhala m'kachipinda kanga ndikumata tizidutswa timeneti, ndimakuchitirani nsanje inuyo amene mumadziwa kuti lero adya, lero akhosomola, lero aseka. Ine ndimadziwa fungo la guluu basi.

Ndatumiza bokosi, n'lalikulu kuposa ena aja chifukwa mapiko ake akufika mkono wathunthu. Imeneyi ndi Dakota. Ndinapempha tchuthi cha masiku atatu kuti ndiimalize msanga. Chitseko cha m'mbali ndachisiya chotsegula, ndipo m'kati ndaikamo timatumba tomwe ndinasoka kuchokera ku mpango wanga. Lifika kwa a Tariq Khirisimasi isanakwane. Mukalitenge nokha, ndipo potsegula mukhalepo. Chonde, achemwali, mukhalepo. Lisakhale padzuwa kapena pafupi ndi moto, pulasitiki yake sichedwa kupindika.

Kangachepe ka feteleza kali ndi dalaivala yemweyo.

Mlongo wanu,
Benjamin

Kasungu Boma
19 Januwale 2009

Benjamin,

Ndikulemba ndili pakhonde la chipatala. Abambo tinabwera nawo pa 8, chifuwa chinawabanika titangolowa chaka chatsopano. Ndinachoka kunyumba ndi chitenje chimodzi, osatseka n'khitchini yomwe. A Duncan atsala ndi ana, ndipo fodya wakhwima, ayamba kuthyola masamba a m'munsi.

Za feteleza zinafika, tinathira. Zikomo.

Bokosi lako silinafike. Usandifunsenso.

Ngakhale pano, ali ndi timapaipi m'mphuno, nyimbo ndi yomweyo. Ndikawatembenuza, "Yafika Dakota?" Ndikawamwetsa phala, "Fainala, unapita kwa Tariq?" Odwala anzawo m'wodi muno ayamba kunditchula Mayi Dakota. Iwo akuseka, ine ayi. Ndimagona pasimenti kunsi kwa bedi lawo, mapazi atupa ngati zigumu, koma munthu akulakalaka chidole chochokera ku Joni.

Dzulo ndinapsa mtima. Ndinati, "Abambo, amene ali pano ndine, ndege sizisambitsa munthu." Anandiyang'ana ngati akufuna kunena kanthu. Kenaka anangoti, "Idikire, ifika," n'kutembenukira kukhoma.

Adokotala sakunena zambiri, koma ine maso ndili nawo. Ngati uli ndi mawu oti uwauze usadikire kalata. Imba pa foni ya a Feggie, mayi amene akudwazika amuna awo pabedi loyandikana nafe. Nambala ndalemba pansipa.

Fainala

Joni
15 Febuluwale 2009

Achemwali anga,

Sindikudziwa poyambira. Chilandirire foni ya alamu yoti abambo atisiya pa 27 Januwale, ntchito ndikugwira ngati munthu woledzera. Sindinabwere kudzaponya dothi, ndipo zimenezi zidzandiwawa mpaka nane ndidzapite. Tsiku lomwe ndinaimba pa foni ya a Feggie ndinangomva kupuma kwa abambo, mawu sankatuluka. Zikomo chifukwa cha zonse munawachitira. Ine sindikanatha ngakhale sabata imodzi ija munanena.

Pali chinthu chimodzi chikundisowetsa mtendere. Ndinakumana ndi dalaivala uja, akulumbira kuti bokosi analisiya kwa a Tariq pa 20 Disembala. Ndinawaimbira a Tariq. Akuti munabwera nokha madzulo a tsiku lomwelo mukuchokera kudepoti, munalimanga panjinga pamwamba pa thumba la feteleza, ndipo chingwe anakubwerekani ndi iwo.

Sindikukuimbani mlandu. Mwina linagwa panjira, ndege n'kuthyoka, inu n'kuopa kunena. Zimachitika. Koma ngati lilipo litsegulani, chifukwa ndi lanu. Mwini chinsinsi wapita, ndiye ndakubwezerani kalata yawo ija munaponya nokha. Muwerenge kutsogolo, kenaka mutembenuze pepalalo. Dzina limenelo ndinalilemba mbali zonse ziwiri za mphuno, ndipo ndinafufuta katatu kuti zilembo ziongoke.

Mundiyankhe, chonde. Tatsala awiri.

Benjamin

Chamama
8 Malichi 2009

Benja, mlongo wanga,

Moni sindikudziwa ngati ndili woyenera kukupatsa. Tili moyo.

Kalata ya abambo ndawerenga. Ndatembenuza. FAINALA, zilembo zokhotakhota, pensulo inachita kuboola pepala poyambira. Ndinakhala pansi pomwepo pakhonde la positi, anthu n'kumandikupiza poganiza kuti ndakomoka.

Bokosi silinagwe panjira. A Tariq anena zoona. Tsiku limenelo ndinali nditaima pamzere kudepoti kuyambira dzulo lake, kuponi nditaimanga pansonga ya chitenje, dzuwa likundiphika, m'mimba muli nthochi ziwiri. Feteleza ndinamupeza madzulo. Ndinadzera kusitolo, ndinamanga bokosi lako pamwamba pa thumba, n'kukankha njinga mpaka kumudzi. Ndisanalowe pabwalo ndinaima kuseri kwa balani kuti ndipumeko. Ndipomwe ndinawamva ali pakhonde akufunsa ana, "Amayi anu sanabwerebe ndi ndege ya mwana wanga?" Osati wapeza feteleza, osati wadya kanthu. Benja, mtima unada bii. Ndinamasula bokosi, ndinalowa nalo m'balani, poti nyengo imeneyo imakhala yopanda kanthu, ndinalikankhira pakona kuseri kwa paipi ya moto n'kulivundikira ndi masaka. Ndinati nawonso adikireko sabata imodzi, alawe mmene kudikira kumawawira. Sabata inasanduka ziwiri, chifukwa akangofunsa mtima unkayambiranso. Kenaka anadwala, tinathamangira ku boma.

Kuchipatala ndinakumbukira. Ndisaname, ndinakumbukira. Ndinakulira m'fodya ine, ndikudziwa kuti munthu akayamba kuthyola, mawa lake amasonkha moto. Ndikanatha kubwereka foni ya a Feggie n'kuuza a Duncan kuti chotsani bokosi pakona, mubwere nalo kuno. Koma kutero kunali kuulula, ndipo ndinkadziuza kuti abambo akachira ndidzapeza ponamizira.

A Duncan anapachika fodya, anatseka chitseko, n'kusonkha moto masiku asanu ndi limodzi monga timachitira. M'balani ndi mwa mdima, masaka a pakona ndani angawafunse? Akuti tsiku lachinayi, atakweza moto kuti misempha ya masamba iume, anamva fungo lachilendo koma sanadziwe kochokera. Mwamwayi balani sinapse. Fodya yense woyambayo akununkha pulasitiki, sitingapite naye ku okushoni.

Maliro atatha ndinalowamo ndekha. Katoni inali itada ngati khala, m'kati muli chibuma chotuwa, mapiko atapindikira kumimba ngati nkhuku yowotcha. Ndinakachitaya kudzala, mumtima ndikuti ndi ndege ya Benjamin imeneyo. Nditawerenga kalata ndinathamangira konko, ndinafukula phulusa ndi manja mpaka ndinachipeza. Ndachitsuka ndi sopo. Ndachitembenuza mbali zonse padzuwa. Penti yoyera ikuoneka pamalo amodzi, kadontho ngati njere ya mpunga, koma chilembo palibe ngakhale chimodzi.

Pali china chimene sindinauze munthu. Tsiku lomaliza, m'mawa, ndikuwapukuta kumaso, anandigwira dzanja langa la khasuli. Anati, "Fainala, yachedwa." Ndinati, "Iwalani za ndege, abambo." Anati, "Ndimafuna ndikuuze," n'kuyamba kukhosomola. Ine sindinadikire kuti chifuwa chitsike. Ndinati, "Mudzamuuza mwana wanu Benjamin akadzabwera," n'kutuluka kukataya madzi. Amenewo ndiwo mawu anga omaliza kwa bambo anga. Pobwerera ndinapeza atagona, ndipo masana anapita.

Zaka zisanu ndi zinayi ndinkadikira mawu amenewo. Anabwera, ndinawanyamula ndekha panjinga, n'kukawaika pamoto.

Usapange ina. Ndikudziwa uganiza zimenezo, usayerekeze n'komwe. Woti andipatse m'manja palibe. A Duncan ndawauza zonse, anangovala chipewa n'kupita kukaona moto kubalani. Iweyo undiyankhe mmene ungafunire, kaya unditukwana, ndilandira.

Mbale za amayi zikhala m'katoni momwemo. Chibuma chija ndachiika m'kabati, pashelefu yapamwamba, pakati pa Sipitifaya ndi Harikeni. Obwera kudzapepesa maliro akafunsa kuti ichi n'chiyani, ndimawauza kuti ndi Dakota, inkabweretsa chakudya. Nthenga ya nkhanga ija ndinaipeza m'Baibulo lawo. M'mawa uliwonse ndimapukuta zonse zisanu, ndipo palibenso wondiletsa kuzikhudza.

Ndine mlongo wako,
Fainala